Kodi boti lokonzedwa thabwa ndi thabwa likadali lomwe lija?

Boti la matabwa likagona padoko popanda munthu, limagwidwa ndi zinthu zitatu zokha: chitsulo cholemera kapena chimwala cha simenti chomwe chili pansi pa madzi, unyolo wochokera pamenepo, ndi chingwe chomangidwa kumutu kwa botilo. Zitatuzi zimatha pang'onopang'ono mosaonekera. Unyolo umadyeka ndi dzimbiri, makamaka pamene ukukhula pansi, ndipo chingwe chimaperepeseka pomwe chakhudza mlomo wa boti, nkhosi zake n'kumaduka imodziimodzi mafunde akamalikweza ndi kulitsitsa. Namondwe akabwera, chofookacho chimaduka. Boti limatembenuka n'kupereka mbali yake kumafunde, mphepo n'kulikankhira kumtunda mpaka msana wake utagunda mchenga. Pa 19 Ogasiti 1991, mphepo yamkuntho yotchedwa Hurricane Bob inadula zingwe za maboti mazanamazana m'madoko a Rhode Island ndi Massachusetts ku America, ndipo ambiri anapezeka atagona chammbali pamchenga, pamiyala ndi m'madambo. Asodzi a panyanja ya Malawi amazidziwa zimenezi mwera ukalimba m'miyezi yachisanu, n'chifukwa chake amakokera mabwato awo kumtunda.

Pamchenga boti limaonongeka msanga kuposa m'madzi. Funde lililonse limalinyamula pang'ono n'kuligwetsanso, ndipo kulemera konse komwe madzi ankanyamula mofanana kumatsamira mbali imodzi. Nthiti zamkati zimathyoka pokhotera, misomali imazuka, thonje lomwe mmisiri anatsindira pakati pa matabwa limatuluka, mchenga n'kulowa m'ming'alu mpaka botilo kulemera koti madzi sangalidzutsenso. Likakhala masiku ambiri padzuwa, matabwa amauma n'kusiya mipata yoti munthu angapisemo chala. Mwini wake akabwera ndi mmisiri, mmisiriyo amagogoda thabwa lililonse ndi kanyundo, kumvetsera ngati likulira bwino kapena lafumbwa mkati, amabaya ndi nsonga ya mpeni, n'kulemba ndi choko zonse zoyenera kuchotsa. Kawirikawiri choko chimayenda patali kuposa pomwe mafunde anafika, chifukwa pochotsa thabwa losweka pamaonekera nthiti yowola yomwe inabisika zaka zambiri. Boti lakale likamatuluka m'manja mwa amisiri, gawo lalikulu la mitengo yake limakhala latsopano, ndipo ngati linakonzedwapo kale kawiri kapena katatu, n'kutheka kuti sipatsala thabwa ngakhale limodzi la tsiku lomwe linalowa m'madzi koyamba. Mwini wake amalitchulabe dzina lomwe lija, amanenabe chaka chomwe linapangidwa, ndipo wogula amalipira mtengo wa boti lakale. Funso ndi lakuti: kodi akunena zoona, kapena angogwirizana kukhulupirira bodza lokoma?

Funso limeneli ndi lakale kwambiri, ndipo anthu ophunzira nzeru zakuya amalidziwa ndi dzina la ngalawa ya Theseus. Mlembi wachigiriki Plutarch, yemwe analemba cha m'ma 100 AD, anafotokoza kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya nkhafi 30 yomwe ankakhulupirira kuti Theseus anabwerera nayo kuchokera ku Crete atapulumutsa anyamata 7 ndi atsikana 7. Thabwa likawola ankalichotsa n'kuikapo lolimba, ndipo anachita zimenezi mpaka nthawi ya Demetrius wa ku Phalerum, yemwe analamulira mzindawo kuyambira 317 mpaka 307 BC. Plutarch ananenanso kuti ngalawayi inagawa afilosofi pawiri, ena kunena kuti ndi yomweyo, ena kukana.

Kwa anthu a ku Athens nkhaniyi inakhudza chipembedzo chawo, ndipo mbali imeneyi imaiwalika msanga ikamaphunzitsidwa m'kalasi. Malinga ndi Plato, mzindawo unalonjeza mulungu wawo Apollo kuti achinyamata aja akapulumuka, chaka ndi chaka adzatumiza ulendo wopatulika ku chilumba cha Delos, ndipo ngalawa yomwe inkapita inali yomwe ankati ndi ya Theseus. Wansembe ankaiveka nkhata ya masamba kumbuyo kwake, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka itabwerako, lamulo silinkalola kupha wolakwa aliyense mumzindamo. M'chaka cha 399 BC, nkhatayo inavekedwa kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu wa wafilosofi Socrates uzengedwe. Ataweruzidwa kuti afe, anakhala m'ndende masiku 30, monga analembera Xenophon, kudikira kuti ngalawa ibwere. Tsiku la imfa ya munthu linadalira ngalawa yomwe matabwa ake anali atasinthidwa mibadwo ndi mibadwo. Mzinda wonse unkachita zinthu mokhulupirira kuti ngalawayo ndi yomwe ija, ndipo sunkaona kuti lonjezo lake kwa Apollo lachepa mphamvu chifukwa cha matabwa atsopano.

Amene amakana kuti boti lokonzedwa ndi lomwe lija ali ndi mfundo yosavuta kumva: boti ndi mitengo yake, ndipo mitengo ikapita boti lapita. Mfundo imeneyi si yopanda pake. Ngalawa yankhondo ya ku Sweden yotchedwa Vasa inamira padoko la Stockholm pa 10 Ogasiti 1628, paulendo wake woyamba, ndipo inavuulidwa mu 1961 itakhala pansi pa madzi zaka 333. Pafupifupi mitengo yake yonse ndi yomwe amisiri a nthawi imeneyo anasema, ndipo n'chifukwa chake anthu amadzaza nyumba yomwe ikusungidwa: akufuna kuona mtengo weniweni womwe nkhwangwa ya munthu wa m'zaka za m'ma 1600 inadula. Pali zinthu zomwe thabwa latsopano silingauze munthu, monga mmene mmisiri wakale ankagwirira chida chake ndi nkhalango yomwe mtengo unachokera. Bwato losemedwa kuchokera ku mtengo umodzi, longa lomwe limapezeka panyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire, limagwirizananso ndi mfundoyi. Likang'aluka amalimata ndi kachigamba ka lata ndi phula, koma mtengowo ukawola palibe chosintha; msodzi amasema lina, ndipo aliyense amalitcha latsopano.

Vuto limabwera mfundoyi ikatsatidwa mpaka kumapeto pa boti la matabwa ambiri. Ngati boti ndi mitengo yake yonse ndendende, ndiye kuti kusintha msomali umodzi kwapha boti lakale n'kubala lina, zomwe palibe mmisiri kapena msodzi angavomere. Wina akati thabwa limodzi silisintha kanthu koma matabwa ambiri amasintha, ayenera kuloza thabwa lomwe linali malire: la 10, la 50, kapena lomwe linapitirira theka. Nambala iliyonse yomwe angatchule ndi yongosankha, chifukwa boti la dzulo ndi la lero zimasiyana ndi thabwa limodzi lokha, ngati masiku ena onse. Aristotle anasiyanitsa zipangizo za chinthu ndi kapangidwe kake, ndiponso ntchito yomwe chinapangidwira. Mulu wa matabwa omwewo uli pabwalo suyandama ndipo sunyamula munthu. Chomwe chimaupanga kukhala boti ndi mmene matabwawo alumikizidwira, kupindika kwa nthiti, kutalika ndi kufutukuka kwa thupi lake, ndi mmene limadulira madzi. Zimenezi zimatha kukhalabe pamene mitengo ikusintha. Vasa yasunga mitengo yake koma siingayendenso pamadzi; boti lokonzedwa lataya mitengo yake koma likugwirabe ntchito yomwe linapangidwira.

Thomas Hobbes wa ku England anaumitsa funsoli m'buku lake la De Corpore la mu 1655. Anati tiyerekeze munthu wina akutola thabwa lililonse lochotsedwa n'kulisunga, kenako n'kuwalumikizanso onse monga analili poyamba. Tsopano pali ngalawa ziwiri, ina yamatabwa atsopano yomwe sinasiye kuyenda, ina yamatabwa akale yongomangidwa kumene, ndipo kapangidwe kake n'kofanana. Ziwiri sizingakhale chimodzi. Apa kapangidwe pakokha sikathetsa mlandu, chifukwa zonse zili nako.

Mbiri ya sitima za panyanja ya Malawi imathandiza kusiyanitsa zinthu zomwe Hobbes anaziphatikiza. Sitima yoyamba yotchedwa Ilala, yomwe amishoni a Livingstonia anabwera nayo motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Robert Laws, inakwera mtsinje wa Zambezi ndi Shire mu 1875. Itafika pamathithi a Shire inamasulidwa zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuzisenza pamutu kuzungulira mathithiwo, ndipo kumtunda kwake inalumikizidwanso n'kulowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Palibe amene amati inali sitima ina. Zidutswazo zinali paulendo umodzi, m'manja mwa anthu omwe ankadziwa kuti akunyamula sitima, ndipo panalibe chinthu china chomwe chinatenga malo ake. Ilala ya masiku ano, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito mu 1951, inatenga dzina lomwelo ndi nyanja yomweyo, koma aliyense amadziwa kuti ndi sitima ina. Motero kumasula chinthu sikuchipha, ndipo dzina palokha silichipanga kukhala chakale chija. Matabwa a Hobbes amasiyana ndi zidutswa za Ilala yoyamba pa mfundo imodzi: lililonse linachotsedwa chifukwa latha ntchito, lina n'kulowa m'malo mwake ngalawa ikadalipo. Thabwa lochotsedwa motero lasiya kukhala chiwalo cha ngalawayo. Chomangidwa ndi matabwa oterowo n'chinthu chamtengo wapatali, choyenera kusungidwa, koma ndi ngalawa yatsopano yopangidwa ndi mitengo yakale.

Oweruza milandu anafika pa yankho lomweli kalekale, chifukwa iwo sakanatha kusiya funso lili lende. Katswiri wa malamulo a Aroma, Alfenus Varus, wa m'zaka 100 zomaliza Yesu asanabadwe, anafunsidwa ngati mlandu umakhalabe womwewo oweruza ena akasinthidwa uli mkati. Yankho lake, lomwe linasungidwa m'buku la malamulo la mfumu Justinian la mu 533 AD, linali lakuti umakhalabe womwewo, ndipo anapereka zitsanzo za gulu la asilikali lomwe ambiri afa n'kulowa ena, mtundu wa anthu womwe patatha zaka 100 mulibe aliyense wa poyamba, ndi ngalawa yokonzedwa mpaka osatsala thabwa lakale. Lamulo limafuna yankho limeneli chifukwa ngongole, umwini ndi malonjezo zimayenda ndi botilo. Munthu sangathawe ngongole ya boti ponena kuti wasintha matabwa.

Chitsanzo chooneka bwino ndi boti lotchedwa Spray. Mu 1892 woyendetsa sitima wina wopuma, Eben Pierce, anapatsa Joshua Slocum boti lakale lophera nkhono zam'nyanja, lomwe linali litagona zaka 7 m'munda ku Fairhaven, m'chigawo cha Massachusetts, kutali ndi madzi, litafundidwa chinsalu. Anthu oyandikana nawo ankaganiza kuti wabwera kudzaliphwasula. Slocum anagwetsa yekha mtengo wa oki n'kusema msana watsopano, nthiti anazifewetsa ndi nthunzi n'kuzipinda, ndipo anakhoma matabwa a paini okhuthala inchi imodzi ndi theka. Sanagwetse lakale kuti ayambe pa bwalo lopanda kanthu. Ankachotsa chakale n'kuika chatsopano potsatira thupi la boti lomwe linalipo, kotero kuti iye mwini analemba kuti kunali kovuta kunena nthawi yomwe lakale linafa ndi yomwe latsopano linabadwa. Anatchulanso lamulo la a Lloyd's, osunga kaundula wa zombo, lakuti chombo chokonzedwa mpaka kukhala chatsopano chonse chimakhalabe chomwecho. Ntchitoyi inamutengera miyezi 13 ndi ndalama zokwana madola 553.62. Ndi boti limeneli, lotalika pafupifupi mamita 11, ananyamuka ku Boston pa 24 Epulo 1895 n'kufika ku Newport pa 27 Juni 1898, ndipo anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi payekha panyanja. Mu Disembala 1895 linatitimira pamchenga m'gombe la Uruguay, koma analichotsa n'kulikonza, ulendo n'kupitirira.

Zipembedzo zinalowa m'nkhaniyi chifukwa funso la boti ndi funso la munthu. Thupi nalo limasintha zipangizo zake. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120 okha n'kulowedwa m'malo ndi ena. Nkhalamba ilibe zambiri za thupi lomwe inali nalo ili khanda, komabe imayankha dzina lomwelo ndi milandu ya unyamata wake. Abuda anatenga njira yolimba mtima. M'buku lawo la Milindapanha, mmonke Nagasena akufunsa mfumu Milinda, yemwe ambiri amati ndi Menander, mfumu yachigiriki ya kumpoto chakumadzulo kwa India, ngati galeta lomwe yakwera ndi magudumu, mtanda wa magudumuwo, kapena goli. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chili galeta, ndipo palibenso galeta lobisika kuseri kwa izo. Dzinalo ndi longogwirizana, lotchulira ziwalo zikakhala pamodzi, ndipo Nagasena akuti munthu nayenso ali chimodzimodzi, alibe chinthu chosasintha mkati mwake. Pa boti, chiphunzitsochi chimanena zoona zambiri: palibe kanthu kobisika m'matabwa komwe kamasamuka kuchoka m'lakale kupita m'latsopano. Chofooka chake n'chakuti sichifotokoza mokwanira chifukwa chomwe mgwirizano wa anthu suli wachisawawa, chifukwa chomwe onse amavomereza za Spray n'kukana za Ilala yachiwiri.

Akhristu ndi Asilamu, omwe amakhulupirira kuuka kwa akufa, anakumana ndi funsoli mwa njira yowawa kwambiri. Thupi lomira m'nyanja n'kudyedwa ndi nsomba lidzauka bwanji lomwe lija? Paulo, mu 1 Akorinto 15, anayankha ndi fanizo la mbewu yofesedwa, yomwe chomera chake chimasiyana nayo maonekedwe koma chimachokera kwa iyo. Sura ya 36 ya Korani imayankha wofunsa za mafupa ofumbwa pomukumbutsa kuti amene anawalenga poyamba ndi amene adzawapatse moyo. Augustine, m'buku la 22 la Mzinda wa Mulungu, anayerekeza ndi mphika wadothi woumbidwanso ndi dothi lomwelo, pomwe chidutswa chilichonse sichiyenera kubwerera pamalo pake penipeni. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, ananena kuti ngakhale munthu ali moyo zipangizo za thupi lake zimalowa ndi kutuluka monga nkhuni pamoto womwe sunazime, ndipo chomwe chimasunga munthu kukhala yemweyo ndi mzimu wake. Onsewa anakana kuika umunthu mu kuwerenga zidutswa.

Fanizo la boti ndi munthu lili ndi malire, ndipo malirewo ndi amene amaunikira bwino funso la boti. John Locke, m'mutu womwe anaonjezera m'buku lake mu 1694, anaona kuti chomera kapena nyama imakhalabe yomweyo chifukwa moyo umodzi ukupitirira mkati mwake, kulandira zatsopano ndi kutaya zakale, pamene makina amalandira mphamvu yake kuchokera kunja. Mtengo wotemedwa umadzipoletsa wokha. Boti silingadziikire thabwa. Kupitirira kwake konse kuli m'manja mwa anthu: mmisiri amene anayesa kupindika kwa nthiti yakale asanaichotse, mwini amene analipira m'malo moligulitsa ngati nkhuni, mlembi amene anasunga dzina ndi nambala yake m'kaundula. Izi sizikutanthauza kuti anthu angatche chilichonse boti lakale mmene afunira. Zikutanthauza kuti pali mbiri imodzi yosaduka ya ntchito yochitidwa pa thupi limodzi, ndipo mbiri imeneyo ndi yeniyeni ngati matabwawo, yotheka kuifufuza ndi kuitsutsa. Wokhulupirira amaona apa chinthu chofanana ndi chiyembekezo chake: pa imfa munthu nayenso sangadzisunge, ndipo ngati adzakhalenso yemweyo, zidalira Wina amene amamudziwa bwino lomwe ndipo sanamusiye. Wosakhulupirira angakane gawo limeneli, koma za boti palibe pokanira.

Kwa boti logona pamchenga, zonsezi zimafika pa zochita za masiku ochepa oyamba. Likachotsedwa msanga, likachirikizidwa ndi mitengo kuti thupi lake lisapotoke, miyeso yake ikatengedwa, ndipo ziwalo zikamasinthidwa motsatana chotsala chikugwirabe kapangidwe, lomwe lidzabwerere m'madzi ndi boti lomwe lija, ngakhale mtengo wakale utatsala wochepa kapena osatsala konse. Mwini wake sanama potchula chaka chomwe linapangidwa, koma chilungamo chimafuna kuti auze wogula zomwe zinasinthidwa ndi nthawi yake, chifukwa boti lakale ndi mtengo wakale ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wogula ayenera kudziwa chomwe akulipira. Likasiyidwa kuti mafunde alimwaze, anthu n'kutola matabwa ake kukasonkhera moto, latha. Wina akadzapanga lofanana nalo patatha zaka, n'kukhomapo kachitsulo ka dzina komwe anatola pagombe, wapanga chifaniziro, ndipo kuchigulitsa ngati boti lakale ndi chinyengo.

Kusiyana kumeneku kunaonekera pa Spray yomwe. Mu Novembala 1909 Slocum ananyamuka nalo kuchokera ku chilumba cha Martha's Vineyard kulowera kummwera, ndipo iye ndi boti lake sanapezekenso. Miyeso ya botilo inali itasindikizidwa kale m'buku lake la mu 1900, ndipo potsatira miyeso imeneyo amisiri a m'mayiko osiyanasiyana apanga maboti ambiri ofanana nalo, ena n'kuwapatsa dzina lomwelo. Palibe limodzi mwa amenewa lomwe limawerengedwa kuti ndi boti la Slocum, pamene lija lomwe analisintha mitengo pafupifupi yonse m'munda wa ku Fairhaven linavomerezedwa kuti ndi Spray popanda mkangano.